Mainchesi Awiri a Mpweya

Pakati pa wokonza nsapato ndi wogulitsa maloko panali kachipinda ka chitseko chobiriwira, ndipo m'menemo munkasoka telala amene msewu wonse unkamutchula kuti a Sizasi. Dzinali linali lachipongwe. Sizasi anali nayo ndithu, yaikulu, yodulira nsalu, koma pa ulusi sankaikhudza n'komwe. Akafika kumapeto kwa msoko ankangowerama, n'kuluma ulusiwo ndi mano akutsogolo, basi wadulidwa. Mapini nawo ankakhala pakamwa pomwepo, asanu kapena kuposa, atandandalika pamilomo, ndipo a Sizasi ankatha kukangana za mpira kwa ola lathunthu popanda pini ndi imodzi yomwe kugwa. Wokonza nsapato uja ankati mnzakeyo ali ndi manja atatu, lachitatulo ndi pakamwa.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa nkhalamba ina yaukali imene inkalangiza ndi rula. Zambiri zimene nkhalambayo inanena anaziiwala, koma chimodzi chinawakhala m'mutu moyo wonse. Inkati munthu akaona tepi amasanduka wina: wamimba amaimeza, wowonda amadzitukumula, wamanyazi amafota. Choncho telala azungulize tepi pachifuwa, ayime pafupi, adikire. Tepiyo ikayamba kuyenda ndi mpweya wa munthuyo, kufutukuka n'kubwerera pansi pa chala, pamenepo ndi powerengera. Munthu amene wagwira mpweya amawonjezera mainchesi awiri pachifuwa, ndipo ukamukhulupirira umusokera thumba.

A Sizasi anakhala katswiri wa kudikira kumeneku. Ankayima maso ndi maso ndi kasitomala, n'kumuseketsa. "Pumani, mayi, kuno sitijambula zithunzi," ankatero, ndipo mayiyo akaphulika kuseka iwo anali atawerenga kale. Atelala amene amalandira diresi lakale kuti ayezerepo ankawanyoza poyera. Ankati amenewo amasokera munthu wa chaka chatha, amene kulibenso. Kwa iwo, wofuna chovala azibwera ndi thupi lake.

Akazi awo anawapezanso ndi tepi yomweyo, mayiwo atabwera kudzasoketsa siketi n'kubwereranso katatu kudzadandaula za zipi yabwinobwino. Mwana anabereka mmodzi yekha, wamkazi, wamasaya obulungira, ndipo bambo ake anamutcha Kabatani. Kuseri kwa chitseko chobiriwira chija kunali miyezo ya Kabatani yolembedwa ndi pensulo, chaka ndi chaka, kuyambira kadiresi koyamba kufikira yunifolomu yomaliza. Pansi pa mzere womaliza anasiya malo. Aliyense wofunsa ankamuuza kuti malowo ndi a diresi laukwati, ndipo limenelo sadzasoka wina ayi, ngakhale atadzakhala akuyendera ndodo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Atadutsa zaka makumi anayi, tsiku lina analuma ulusi woyera n'kuona nsonga yake itafiira. Anati ndi mapini, andibaya nkhama. Anachukucha madzi amchere n'kupitiriza ntchito. Mswachi utayamba kutuluka wofiira m'mawa uliwonse, anaganiza kuti akukwecha mwamphamvu kwambiri, ndiye anayamba kutsuka mopepuza, mano akumbuyo n'kumawalambalala ngati khomo la munthu amene munayambana naye. Magazi aja anachepadi pamswachi, iwo n'kumati zatheka. Zaka ziwiri zinatha choncho.

Amati tsoka silinunkha, koma la a Sizasi linkanunkha. Vuto lake n'lakuti mwini kamwa samva, ndipo anthu ndi aulemu woipa. Makasitomala ankangotembenuzira nkhope kuzenera, ena kuyamba chifuwa chadzidzidzi, koma woti anene panalibe. Amene analimba mtima ndi wokonza nsapato, masana ena atakhala pabenchi panja.

"Achimwene, ndinene kanthu, koma musakwiye."

"Nenani, zokwiyazo ndiona ndekha."

"M'kamwa mwanumo simuli bwino. Ine ndimakhalira kufungatira nsapato za anthu tsiku lonse, mphuno yanga inafa kalekale. Koma inu ndikukumvani."

A Sizasi anaseka, n'kumuuza kuti mwina akumva masokosi ake omwe. Koma atalowa m'kachipinda kaja anatseka chitseko, anauzira mpweya m'chikhatho n'kununkhiza, osamva kanthu. Anakumbukira nkhope zonse zotembenukira kuzenera zija, imodzi ndi imodzi, ndipo manyazi anawagwira. Tsiku lomwelo anakagula botolo lalikulu la maswiti, ozizira m'kamwa aja, n'kuliika pansi pa makina pafupi ndi chopondera.

Poyamba kanali kaswiti kamodzi kasitomala akamalowa. Kenako m'kamwa munayamba kuuma ngati munthu watafuna thonje, ndiye kena kakatha ankaponyamo kena. Ludzu nalo linawakhalira pakhosi. Ankamwa madzi, ankamwa zam'mabotolo zotsekemera, ndipo kanjira kopita kuchimbudzi kuseri kwa masitolo anakayenda mpaka wogulitsa maloko anati awapangira kiyi wawowawo. Thupi linkatha, koma telala amawonda mobisa. Thalauza likayamba kukhwepa ankalibweza m'chiuno, jekete ankalichepetsa m'mapewa, ndipo Lamlungu ankatuluka zovala zitawakhala bwino ngati kale. Anabweza thalauza limodzi katatu, akazi awo osazindikira kanthu.

Chinawatengera kuchipatala ndi batani la jasi. Ulusi wake unali wokhuthala, ndipo atauluma ulusiwo sunaduke, linasuntha ndi dzino. Analigwira ndi chala, likugwedera ngati msomali wa m'thabwa lofumbwa. Silinkapweteka n'komwe, ndipo zimenezo ndi zimene zinawaopsa.

Dokotala wa mano anali mayi wachitsikana, wovala kansalu kophimba mphuno ndi pakamwa. Anaweramira m'kamwa mwawo osabwerera m'mbuyo, ndipo a Sizasi anazindikira kuti papita nthawi yaitali munthu asanawayandikire choncho. Mayiyo anatenga kachitsulo kowonda kokhala ndi timizere, n'kumakalowetsa pakati pa dzino ndi nkhama, uku akutchula manambala kuti namwino alembe. A Sizasi sanafune womasulira. Kuyeza ankakudziwa, ndipo anamva okha kuti manambalawo akukwera kumene sayenera kukwera.

"Bambo, ludzu limakuvutani?" anafunsa dokotalayo atamaliza.

"Kunjaku kukutentha, adokotala."

"Nanga kukodza pafupipafupi? Kuwonda?"

"Ine ndabwera ndi dzino. Zinazo n'zanga."

"N'zanu ndithu, koma ndikupempha kuti tikubayeni pachala tione shuga."

Anawabaya, ndipo namwino ataona nambala pakamakinako anayang'ana dokotala. Anawatuma kukayezetsanso m'mawa mwake asanadye kanthu, yankho n'kukhala lomwelo. Dokotala wa mano uja anawakhazika pansi n'kuwafotokozera mosathamanga. Anati chiseyeye, matenda a nkhama amene anali nawowo, ndi shuga zimayenda zitagwirana manja. Shuga akakwera, thupi limafooka polimbana ndi tizilombo ta m'nkhama, zilonda zimachedwa kupola, malovu amachepa. Nkhama zikatupa n'kumasunga mafinya, nazonso zimachititsa kuti shuga avute kutsika. Wochiza chimodzi n'kusiya chinzake akutunga madzi ndi dengu.

"Ndiye mukanditsuka, dzinoli lilimbanso?"

"Ili ayi, bambo. Fupa limene linkaligwira ladyeka, ndipo silimeranso. Tikulimbana kuti tipulumutse otsalawo. Koma maswiti amene ndikuwamva m'kamwa mwanuwa muwasiye lero."

A Sizasi anamvetsa bwino lomwe. Nsalu ikatha m'mphepete, msoko umasowa pogwira, ngakhale ulusi utalimba bwanji. Anatenga mapiritsi a shuga, analola kupalidwa m'mano mpaka misozi, ndipo botolo la maswiti analikankhira kuseri kwa thumba la zidutswa. Anakhala masabata awiri osalikhudza.

Sabata yachiwiriyo kunabwera mtsikana wantchito wa mayi wina amene anakhala akusoketsa kwa a Sizasi kwa zaka khumi ndi zisanu. Ananyamula nsalu yatsopano, ndipo m'pepala lapulasitiki munali diresi lakale. Anati amayi atanganidwa, akuti mungoyezera pamenepa. Patapita masiku atatu kunabwera pepala lina lapulasitiki kuchokera kwa kasitomala wina. A Sizasi anakhala akuyang'ana madiresi awiriwo atapachikidwa pamsomali, opanda anthu m'kati, ndipo madzulo asanatseke anasolola botolo lija.

Tinene zoona, uku kunali kupusa, ndipo eni ake ankadziwa. Koma shuga saoneka ndi maso, pamene nkhope ya munthu ikamatembenukira kuzenera imaoneka. Choncho m'mawa ankameza piritsi, masana n'kumayamwa maswiti, ngati munthu wothira madzi pamoto ndi dzanja ili, linalo akusonkhezera nkhuni. Tsiku lobwerera kwa dokotala wa mano analiphonya kamodzi chifukwa cha mayunifolomu, kachiwiri chifukwa cha manyazi, kenako anangosiya. Ndipo maswitiwo sankabisanso kanthu, ankangosakaniza fungo lozizira ndi linalo. Mapepala apulasitiki anapitiriza kubwera, ndipo a Sizasi, amene ankanyoza anzawo, anayamba kuyala madiresi akale patebulo n'kumayeza.

Akazi awo ankatenga zidutswa za nsalu kukaika m'mapilo ogulitsa. Tsiku lina pilo wina anayamba kulira chekecheke akamufinya. Atamutumbula anapeza timapepala ta maswiti tosawerengeka, ndipo anabwera nato kushopu m'mbale, n'kutikhuthulira pamakina.

"Abambo, izi ndiye mankhwala amene anakulemberani?"

"Mayi, simungamvetse. Ndi zantchito."

"Ntchito yake iti? Yokonza maliro anu? Ine ndikuphika zopanda shuga, tiyi ndikumwa wowawa limodzi nanu, inu kuno muli paphwando."

"Anthu akundithawa."

"Ndiye mukafa adzakuyandikirani?"

A Sizasi anaweramira timapepala tija. Ankafuna kufunsa chifukwa chimene akazi awowo anayambira kuwalankhula ali chammbali, maso ali kwina, koma funso limenelo yankho lake ankaliopa. Anasesa timapepalato n'kukatitaya, ndipo botolo linakhalabe pamalo pake.

M'zaka zitatu mano asanu anapita, atatu mwa iwo akutsogolo. Mapini anasamukira pakathumba ka thonje komangirira padzanja. Ulusi anayamba kudula ndi kasizasi kakang'ono kamene ankakasowetsa kakhumi patsiku, ndipo dzina lachipongwe lija linasanduka loona, moti anthu anachita manyazi kulitchula. Nthabwala zinatha. Ankalankhula dzanja lili pakamwa, mawu ochepa, ndipo zampira ankangomvera. Anakhala munthu wachisoni, ndipo chisonicho sichinali cha imfa imene akazi awo ankawaopseza nayo. Chinali chakuti dziko lonse linasuntha phazi limodzi kubwerera m'mbuyo, iwo n'kutsala pakati okha.

Kabatani nthawi imeneyo anali mphunzitsi kusukulu ina yakutali. Anabwera patchuthi ndi nkhani yakuti wapeza mwamuna ndipo ukwati ukhala pakatha miyezi isanu. Atauza makolo ake kunyumba, m'mawa mwake analowa m'shopu, anagwada pansi pa makina ngati wodziwa kale, n'kutulutsa botolo lija.

"Ababa, diresi langa musoka ndinu. Ndipo sinditumiza pepala lapulasitiki, ndibwera ndekha mudzandiyeze. Koma ili ndikupita nalo, ndipo kuchipatala tikupita limodzi mawa."

"Iwe Kabatani, unayamba liti kulamula bambo ako?"

"Ndimalamula ana makumi asanu ndi limodzi tsiku lililonse. Inu ndinu mmodzi."

Chimene analephera dokotala, chimene analephera akazi awo, anachitha mwana. Miyezi itatu a Sizasi sanalawe kaswiti. Ankameza mapiritsi pa nthawi yake, ankatsuka m'kamwa mpaka kumbuyo ngakhale magazi atuluke, ankakhala pamzere wa odwala shuga Lachiwiri ndi pamzere wa mano Lachinayi. Shuga anatsikako ndithu. Dokotala anawayamikira, ngakhale ananenanso kuti kumano akumbuyo kudakali maenje akuya amene akusungabe mafinya, ndipo awiri mwa manowo mwina adzafunika kuzula. Mawu amenewo a Sizasi anawamva ndi khutu limodzi. Chimene ankafuna kudziwa chinali china, ndipo anafunsa Kabatani atabweranso, ali awiri pakhonde.

"Mwana wanga, undiuze zoona. Chija chikumvekabe?"

"Chiti, ababa?"

"Usandipusitse. Fungo."

"Linatha, ababa. Ine sindikumva kanthu."

Anamukhulupirira, chifukwa munthu womira amagwira ndi udzu womwe. Sabata imeneyo anamveka akuimba pamakina. Anauza wokonza nsapato kuti ukwati ukangotha, pepala lapulasitiki lililonse lizibwerera kumene lachokera, wofuna chovala azibwera ndi thupi lake ngati kale. Wokonza nsapatoyo anali ndi misomali pakamwa, ndipo anangogwedeza mutu n'kupitiriza kukhoma chidendene.

Tsiku loyeza linali Loweruka m'mawa. A Sizasi anatsuka m'kamwa katatu, anavala malaya oyera, anasesa m'shopu, anasongola pensulo. Nsalu yaukwati inali patebulo, yokutidwa ndi pepala kuti isagwe fumbi. Kabatani anafika atavala kadiresi kopepuka, anavula nsapato n'kuyima pakati pa chipinda monga ankachitira ali mwana.

Anayambira kumbuyo. Mapewa, msana, kutalika kuchokera pakhosi kufika pansi. Kabatani ankalongolola za apongozi ake, za keke, za mnzake amene akufuna kuvala zofiira pa ukwati wa eni. Bambo ake ankaseka, n'kumapita kuchitseko kukalemba nambala iliyonse pamalo aja anasiya zaka zonsezi. Anayeza mkono, anamugwira chigongono kuti apinde, ndipo mumtima anati Mulungu wandibwezera ntchito yanga.

Kenako anazungulira kubwera kutsogolo. Asanafike n'komwe anaona mapewa a mwanayo akukwera pang'ono, ndipo nkhani ya keke inathera pakati. Anapisa manja kumbuyo kwake, anazunguliza tepi pachifuwa, anaigwira ndi chala chachikulu, n'kudikira monga anaphunzitsidwira. Tepi inali pa 38, ndipo inangokhala pomwepo. Sinafutukuke, sinabwerere. Anadikirabe. Kabatani ankamwetulira milomo ili yotseka, maso ali pakalendala kukhoma, kamtsempha ka pakhosi kakugunda, ndipo m'maso mwake munayamba kulengeza misozi. Sanatembenuze nkhope, sanabwerere m'mbuyo. Anangoyima nji, ngati mwana amene akubayidwa jakisoni ndipo walonjeza kuti salira.

Mawu aja anafika pakamwa okha, akuti puma, kuno sitijambula zithunzi. Koma kuti awanene anayenera kutsegula pakamwa pamaso pa mwanayo. Anamasula tepi msanga, anabwerera m'mbuyo mapazi atatu mpaka anagunda tebulo, ndipo anamva Kabatani akutulutsa mpweya pang'onopang'ono, mobisa, n'kumalizira ndi kutsokomola pang'ono. A Sizasi anatembenukira kuchitseko n'kulemba.

"Ababa, mwalakwitsa. Ndinaona tepi ili pa 38, inu mwalemba 36."

"Ntchito yanga ndimaidziwa."

"Nanga khosi ndi chiuno?"

"Zimenezo ndiyezera pa diresi lako labuluu lija. Ukawapatse amako, adzabwera nalo Lolemba."

"Koma inu simusoka choncho, ababa."

"Ndimasoka choncho masiku ano. Vala nsapato, pansi pali mapini."

Kabatani anafuna kunena kanthu, koma bambo ake anali atakhala kale pamakina, atapereka msana, akufunafuna kasizasi kaja m'zidutswa. Sanamukwiyire. Mwanayo ananama chifukwa chowakonda, ndipo anagwira mpweya chifukwa anali ndi mphuno ngati munthu wina aliyense. Panalibe woti amukalipire, ndipo zimenezo zinawalemera kuposa kukhala ndi mdani.

Diresilo analisoka masabata atatu, chitseko chili chotseka, ulusi uliwonse akudula ndi sizasi kuti nsalu yoyerayo isayandikire pakamwa. Masiku onsewo ankapemphera pemphero lachilendo, lakuti diresilo likathine. Likanathina pachifuwa, bwenzi zitatanthauza kuti 38 uja anali woona, kuti mwanayo ankapuma ndipo iwo ndi amene akalamba maso. Akanalimasula mosangalala, akanapirira kusekedwa ndi msewu wonse.

Kabatani anakaliyesera kunyumba, kuchipinda, ndi mayi ake. A Sizasi anakhala pabalaza, manja ali pamawondo, akumvetsera zipi ikukwera. Inakwera bwinobwino mpaka pamwamba, osaima paliponse. Akazi awo anasuzumira pakhomo nkhope ili ngwee.

"Abambo, bwerani mudzaone. Pachifuwa lamukhala ngati anabadwa nalo. Dzanja lanu silinathe ayi."

"Ndikuona ndili pompano, mayi," anatero a Sizasi, dzanja lili pakamwa. Ndipo sanadzuke pampandopo.